Ulendo wa pa Kandege Pamwamba pa Grand Canyon

M'kalasi mwanga muli kalendala yakale imene masiku ake adatha, koma sindidaichotse pa khoma chifukwa cha chithunzi chake. Chithunzicho chionetsa chigwembe cha Grand Canyon, m'chigawo cha Arizona ku America: matanthwe ofiira osanjikizana, ndi kamtsinje pansi penipeni. Tsiku lina mnyamata wa Sitandade 7 adakweza dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi munthu wokhala ndi kandege kakekake sangathe kunyamuka ndi banja lake n'kukauluka m'kati mwa phompho limenelo?" Ndidamuuza kuti ndiyambe ndafufuza. Zimene ndidapeza ndati ndikugaŵireniko inu makolo ndi achinyamata, pakuti yankho lake lili ndi masamu ambiri koposa m'mene mnyamatayo adaganizira.

Chigwembe chimenechi chidakumbidwa ndi mtsinje wa Colorado. M'litali mwake ndi makilomita 446, m'mimba mwake pena pafika makilomita 29, ndipo kuya kwake pamalo ena kupitirira mamita 1,800. Boma la America lidachisandutsa malo otetezedwa m'chaka cha 1919. Munthu woima m'mphepete aona kachigawo kakang'ono chabe, n'chifukwa chake ambiri alakalaka kuchiona ali m'mwamba. Ku America anthu wamba okhala ndi chiphaso choyendetsera ndege zazing'ono ndi ochuluka, ndipo kandege ka mipando inayi angathe kukabwereka pa bwalo la ndege n'kulipira poŵerenga maora.

Tsono tiyerekeze banja lina la kumeneko. Bambo ali nacho chiphaso, ndipo afuna kutenga mayi, mwana wamwamuna ndi mwana wamkazi pa ndege ya mtundu wa Cessna 172, imene ili yofala zedi pa dziko lonse. Ntchito yake yoyamba aichita pa tebulo la kunyumba, ndi pensulo. Ndege yotere iloledwa kunyamula makilogalamu pafupifupi 400, kuŵerengera pamodzi anthu, katundu ndi mafuta omwe. Matanki ake aloŵa malita 200, ndipo mafuta ameneŵa alemera makilogalamu 144. Otsala ndi 256. Tinene kuti bambo alemera 85, mayi 70, mnyamata 65, mtsikana 50, pamodzi 270. Muonjezepo madzi akumwa malita 10 ndi kachikwama ka makilogalamu 10, zakwana 290. Mipando ilipo inayi ndithu, koma ndegeyo yalemera kupyola malire ndi makilogalamu 34.

Pamenepa bamboyo ayenera kusankha. Angathe kuchepetsa mafuta ndi malita pafupifupi 50, koma popeza injini imamwa malita oposa 30 pa ora, ndiye kuti wadzichotsera ora limodzi ndi theka la kuuluka, m'chipululu m'mene mabwalo otera ndege ali motalikirana. Lamulo la kumeneko lifunanso kuti woyenda masana akatere ali ndi mafuta otsala a mphindi 30, ndipo oyendetsa anzeru amasiya oposa pamenepo. Kapena angathe kuuza mmodzi wa ana ake kuti atsale. Kholo lililonse lidziŵa kuŵaŵa kwa mau otere, ndipo yesero lokweza onse ndi kunena kuti "tikafika ndithu" limakula pomwepo.

Masamu sathera pa kulemera. Bwalo la ndege la ku Tusayan, kufupi ndi mphepete ya kumwera kwa chigwembecho, lili pamtunda wa mafiti 6,609, ndiko kuti mamita 2,014. Mpweya wa pamalo okwera ndi wopepuka, ndipo dzuŵa likautenthetsa upepukirapo. Tsiku lotentha madigiri 30, ndege yonyamuka pa Tusayan ichita ngati ili kale pa mafiti pafupifupi 10,000. Injini ya kandege kotere itaya mphamvu yokwana magawo atatu mwa magawo 100 pa mafiti 1,000 alionse, motero idzakhala itataya kuyandikira limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake isanachoke n'komwe pansi. Mapiko nawo asoŵa mpweya wokwanira woti atsamirepo. Ndege ithamanga mtunda wautali pa bwalo, ikanyamuka ikwera mokwaŵa, ndipo woyendetsa amene adaphunzirira ku mabwalo a m'mbali mwa nyanja adabwa poona kuti mitengo ya kumapeto kwa bwalo ikumuyandikira.

N'chifukwa chake odziŵa bwino dera limeneli amanyamuka m'bandakucha. Masana matanthwe akapsa ndi dzuŵa, mpweya wotentha ukwera kuchokera m'chigwembe ndi kugwedeza kandege koti ana ndi akulu omwe achita mseru. M'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, kufikira pakati pa Seputembala, mitambo ya mabingu iunjikana dzuŵa likapendeka, ndipo kandege sikalimbana nayo. Wopanga ulendo wanzeru asankha mwezi wozizirirako, naikapo tsiku lina lapadera, kuti nyengo ikaipa asachite manyazi kunena kuti, "Lero sitipita."

Tsopano tibwere ku funso lenileni la mnyamata uja, lakuti nkuuluka m'kati mwa phompho. Yankho ndi lakuti ai, nkoletsedwa, ndipo malamulo ake adalembedwa maliro atachitika. Pa 30 Juni 1956 ndege ziŵiri zazikulu, ina ya kampani ya TWA ina ya United, zidanyamuka ku Los Angeles motsatizana, ndipo zidaombana pamwamba pa chigwembechi pa mafiti 21,000. Anthu onse 128 adafa. Masiku amenewo, kunja kwa njira zoikika, oyendetsa ankangodalira maso awo kuti apeŵane. Ngoziyo idachititsa kuti m'chaka cha 1958 boma likhazikitse bungwe la FAA loyang'anira mlengalenga monse. Patapita zaka 30, pa 18 Juni 1986, ndege yonyamula alendo oona malo idaombana ndi helikopita m'kati mwa chigwembe, ndipo anthu 25 adataya miyoyo, ena mwa iwo alendo ochokera ku Holland. Chaka chotsatira, 1987, nyumba ya malamulo idavomereza lamulo loletsa ndege za alendo kutsika kupyola m'mphepete mwa chigwembe.

Lero bambo wathu uja ayenera kugula mapu apadera a Grand Canyon, osiyana ndi mapu ena onse a oyendetsa ndege. Pa mapupo aona zigawo zazikulu zimene saloledwa kudutsamo konse, zambiri mwa izo kufikira mafiti 14,500, pamene kandege kake kodzaza anthu sikangafikepo. Pakati pa zigawozo pali tinjira tinayi ta m'mlengalenga: Zuni Point, Dragon, Fossil Canyon ndi Tuckup. Wopita kumpoto ayenda pa mafiti 11,500 kapena 13,500. Wopita kumwera ayenda pa 10,500 kapena 12,500. Mwa njira imeneyi ndege zoyang'anizana zisiyana ndi mafiti 1,000, ndipo ndege za makampani onyamula alendo zili ndi njira zaozao kunsi kwake. Kuti mumvetse kukwera kwake, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002, pamene mafiti 10,500 ndi mamita 3,200. Akakwera kupyola mafiti 12,500 kwa nthaŵi yoposa theka la ora, lamulo lifuna kuti woyendetsa apume mpweya wa okosijeni wa m'botolo, pakuti munthu wosoŵa mpweya amayamba kuganiza mopusa iye akudzimva kuti ali bwinobwino.

Chifukwa china cha malamuloŵa chidandikhudza mtima koposa. Lamulo la 1987 lidanena zobwezeretsa bata lachilengedwe la malowo. Pansi pa chigwembe pali anthu. Mtundu wa Ahavasupai ukhala m'mudzi wa Supai, kumene kulibe mseu wa galimoto, ndipo makalata amafikako pa nyulu. Ahualapai ali kumadzulo, Anavajo kum'maŵa. Palinso oyenda pansi amene atsika tsiku lathunthu kuti akamve mphepo ndi madzi okha. Wa m'ndege aona kukongola kwa mphindi zoŵerengeka, koma mkokomo wa injini yake ugwera onse a pansi. Ine ndiona kuti lamulolo lidalondola, ngakhale lichititsa kuti wa kandege aone mtsinje wa Colorado uli mafiti 9,000 kunsi kwake, woonda ngati ulusi.

Chotsala ndi kukonzekera tsoka. Pansi pa njira zimenezi palibe dambo kapena munda woti aterepo injini ikazima. Tsono bamboyo aŵerengeratu kuti pamalo pakutipakuti akatembenukira mbali iti kuti akafike pamtunda wathyathyathya. Asiya kwa oyang'anira ndege chikalata chonena njira yake ndi nthaŵi yofika, kuti akachedwa ayambe kumufunafuna. Madzi aja malita 10 sawachotsa pofuna kupepuza ndege, pakuti pansi pa chigwembe m'chilimwe kutentha kupitirira madigiri 40. Ife a mu mpingo tizoloŵera kupemphera tisanayambe ulendo, ndipo nkoyenera ndithu. Koma ndaonapo abale akupemphera mochokera pansi pa mtima kenaka n'kukwera makumi atatu pa galimoto ya anthu khumi ndi asanu. Kumeneko ine ndikuyesa kuyesa Mulungu, ndipo sindikhulupirira kuti pemphero lidapatsidwa kwa ife kuti lifafanize sikelo.

Sabata yotsatira ndidalemba masamu a banja lija pa bolodi, ndi kufunsa kalasi kuti bamboyo achite chiyani. Anyamata ambiri sadachedwe: adati mtsikana atsale. Nditaŵakumbutsa kuti pafunika kuchotsa makilogalamu 34 okha ndipo mnyamata alemera koposa mlongo wake, phokoso lidabuka. Ena adati athire mafuta pang'ono, ena adati asiye madzi. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene salankhula kaŵirikaŵiri, adadikira onse atatha, nati bamboyo apite kaŵiri: Lachisanu m'maŵa atenge mayi, Loŵeruka m'maŵa atenge ana onse aŵiri, matanki ali odzaza maulendo onse. Mnyamata amene adayambitsa nkhani adadandaula kuti ndalama zobwerekera ndege zidzakhala zoŵirikiza. Mtsikanayo adavomera kuti zidzaŵirikizadi, ndipo belu la kuŵeruka lidalira akadatsutsana.