Mwalemba kochi, nanga makiyi mwampatsa?

Ndiyambe ndi kupepesa kwa inu okonda mpira wamiyendo, pakuti lero ndakutengerani mpira wina, uja wooneka ngati dzira, umene anyamata a zifuwa ngati zitseko amathamanga nawo m'manja uku akugwetsana. Kwathu kuno rugby ilibe anthu ambiri. Koma inu amene mumakwera basi ya ku Joni kukaoda katundu mukudziwa kuti timu ya dziko la South Africa, imene amaitcha Springboks, ikagonja, ngakhale wokugulitsani m'holoselo nkhope imakhala yakugwa.

Ine ndidaziona ndi maso angawa mu September 2017. Apo n'kuti nditasiyira panjira maphunziro a ku yunivesite, fizi itavuta, ndipo achimwene adanditenga kuti ndiziwanyamulira zikwama pa maulendo awo a geni. Loweruka lina m'mawa, pa nyumba yogona alendo kufupi ndi Park Station mu Johannesburg, tidapeza anthu ataunjikana pa TV. Springboks imasewera ndi New Zealand ku Albany. Masewero adatha 57-0. Chiyambire, timuyi idali isanathidzimulidwepo chotere.

Bambo ena achikulire, Amalawi anzathu amene akhalitsa kumeneko, adapukusa mutu n'kundiyang'ana.

"Mwana wanga, ntchito iyi n'ja azungu. Mukangoikapo wina, zotsatira zake n'zimenezi."

Sindidawayankhe, poti mwana satsutsa akulu pagulu. Koma mauwo adandikhala pamtima, ndipo yankho langa ndi ili, ngakhale lachedwa.

Kochi amene ankamunenayo ndi Allister Coetzee, mkaladi. Munthuyu sadatoledwe pamsewu ayi. Adali wothandizira Jake White pamene Springboks idatenga chikho cha dziko lonse mu 2007, ndipo adaphunzitsa timu ya Stormers ya ku Cape Town kwa zaka zingapo, mpaka kuifikitsa mu fainolo ya Super Rugby mu 2010. Tsono taonani m'mene adalembedwera. Kochi wakale, Heyneke Meyer, uja adagonja ndi Japan 34-32 mu 2015, adasiya ntchito mu December chaka chomwecho. Mpando udakhala wopanda munthu miyezi inayi yathunthu, akuluakulu a bungwe la rugby akukhalirana misonkhano. Coetzee adamulengeza mu April 2016, pamene masewero oyamba, olimbana ndi Ireland, adali mu June. Miyezi iwiri basi yoti munthu adziwe anyamata ake, akonze kaseweredwe, amvane ndi omuthandiza. Masewero oyambawo adagonja 26-20 pakwawo, ku Newlands.

Chaka chotsatira kudabwera lamulo lina. Osewera ambiri aluso amapita ku England, France ndi Japan kumene malipiro ndi onona kuposa a randi. Pofuna kuletsa zimenezi, bungwe lidalamula kuti wosewera kunja asaitanidwe ku timu ya dziko pokhapokha ngati adaisewererapo kale maulendo 30. Cholinga chidali chabwino, koma amene adasenza mtolo wake ndi kochi. Mnyamata ngati Faf de Klerk, atapita ku Sale mu 2017, chitseko chidamutsekekera pomwepo.

Izi zimandikumbutsa za okala ya achimwene. Atayamba kuyenda maulendo a ku Joni adalemba mnyamata woti azigulitsa. Koma katundu woika pa shelefu ankasankha okha, mitengo ankaika okha, ndipo makiyi a kabati mosungira sopo ndi mafuta ophikira ankayenda nawo m'thumba mpaka kuoloka Beitbridge. Kasitomala akafuna mafuta, mnyamata ankangoti "bwana achokapo". Patatha miyezi itatu adamuchotsa, ati malonda sakuyenda.

Musandimve molakwa, sindikuti Coetzee adalibe zolakwa zake. Kugonja ndi Italy 20-18 mu November 2016 palibe lamulo la bungwe limene lingakuphimbe, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Pa masewero 25 adapambana 11 okha, ndipo mu February 2018 adamuonetsa msana wa njira. Nkhani yanga ili pa zimene bungwe lomwelo lidachita polemba womulowa m'malo.

Rassie Erasmus adamuitana kuchokera ku Munster, m'dziko la Ireland, osati kudzangokhala kochi, koma mkulu woyang'anira rugby yonse ya dzikolo. Mu March 2018 adamuwonjezera ukochi wa Springboks, pa mgwirizano wofika mpaka 2023. Mwaonatu: bwana wa kochi ndi kochi adali munthu mmodzi. Omuthandiza adabwera nawo a kumtima kwake. Lamulo la maulendo 30 lija lidafewetsedwa, kenaka n'kuthetsedwa, ndipo De Klerk ndi Willie le Roux adabwerera kuchokera ku England. Mu May adasankha Siya Kolisi, mnyamata wokulira mu umphawi ku Zwide, kukhala kaputeni, munthu wakuda woyamba kutsogolera Springboks pa masewero a pakati pa maiko.

Tsono apa mpamene ndikufuna ana asukulu mutenge pensulo. Mu 2017, chaka chimene chidamuchotsetsa ntchito, Coetzee adasewera masewero 13: adapambana 7, kufanana mphamvu kawiri, kugonja kanayi. Mu 2018 Erasmus adasewera 14: adapambana 7, kugonja 7. Werengani bwinobwino. Papepala, chaka choyamba cha Erasmus chidaipa kuposa chaka chomaliza cha Coetzee. Iye mwini adadzaulula pambuyo pake kuti atagonja motsatizana ndi Argentina ndi Australia, adatsimikiza mumtima zotula pansi udindo ngati akadagonjanso ndi New Zealand ku Wellington. Adapambana 36-34. Koma onani kuti wofuna kumuchotsa adali iye mwini. A bungwe adali chete, akudikira, chifukwa adali atavomereza kale kuti nyumba imene akumanga siyotha chaka chimodzi.

Pa 2 November 2019, ku Yokohama m'dziko la Japan, Springboks idagonjetsa England 32-12 n'kutenga chikho cha dziko lonse. Kodi adali anyamata atsopano? Ayi ndithu. Kolisi, Eben Etzebeth, Malcolm Marx, Franco Mostert ndi Tendai Mtawarira, chimphona chobadwira ku Harare chija amachitcha "Beast", onsewa adali m'bwalo tsiku la 57-0, ndipo onsewa adasewera fainolo ya ku Yokohama. Palinso Mzwandile Stick, kochi wothandizira wachikuda amene adanyozedwa kwambiri mu 2016 pansi pa Coetzee mpaka kuchotsedwa pa timu yaikulu. Erasmus adamubweza, n'kumupatsa ntchito yomuyenera, ndipo adatenga nawo zikho ziwiri, cha 2019 ndi cha 2023.

Za khungu zija, bambo aja akadakumbuka Peter de Villiers. Iyeyu ndiye woyamba amene si mzungu kupatsidwa ukochi wa Springboks, mu January 2008. Tsiku lomulengeza, mtsogoleri wa bungwe, Oregan Hoskins, adanena poyera kuti posankhapo sadayang'ane za rugby zokha. Tangoganizani: akukulembani ntchito, n'kuuza dziko lonse kuti mwina simudali woposa onse. Munthuyo adayamba ntchito atamuthyola kale mwendo. Komabe mu 2009 adagonjetsa British and Irish Lions 2-1, adatenga chikho cha Tri-Nations, ndipo adagonjetsa New Zealand katatu m'chaka chimodzi. Anthu amakumbukira kwambiri zoyankhula zake zoseketsa pamaso pa atolankhani kuposa zimenezi, koma zotsatira zilipo.

Ndipotu azungu nawo bungweli silidawasiye. Kitch Christie atatenga chikho cha 1995, chija adapereka a Nelson Mandela ku Ellis Park, makochi asanu adadutsa pampandowo zaka zisanu ndi zitatu zisanathe bwino: André Markgraaff, Carel du Plessis, Nick Mallett, Harry Viljoen ndi Rudolf Straeuli. Jake White, ntchito yake idalengezedwa kuti ikufuna munthu mpikisano wa 2007 uli mkati, iye ali ku France kumenyera chikho chimene adabwera nachodi kumudzi.

Chimene chidandidabwitsa ine ndi cha 2020. Erasmus atabwerera ku udindo wake waukulu, ukochi adapatsa Jacques Nienaber, munthu amene adayamba ngati wosamalira minyewa ya osewera akavulala, ndipo adali asanakhalepo kochi wamkulu wa timu ina iliyonse. Ikadakhala intavyu ya mapepala, kalata yake ikadathera m'bini. Koma awiriwa adagwirira limodzi ntchito zaka zambiri, ku Bloemfontein, ku Cape Town ndi ku Munster, ndipo osewera sadafunike kuphunzira chinenero chatsopano. Mu 2023 adatenganso chikho ku Paris: France 29-28, England 16-15, New Zealand 12-11. Masewero atatu otsiriza, pointi imodzi imodzi. Nienaber atapita ku Leinster, Erasmus adatenganso ukochi mu 2024, popanda miyezi inayi ya misonkhano.

Kupereka makiyi onse kwa munthu mmodzi kuli ndi zoopsa zake, sindibisa. Mu 2021 Erasmus adajambula kanema wa pafupifupi ola lathunthu wodzudzula woimbira masewero pa mpikisano wa Lions, ndipo bungwe la World Rugby lidamupatsa chilango. Kwawo kudalibe womugwira dzanja asanatero. Ndiye inde, wosunga makiyi afunika womuwerengera ndalama madzulo. Koma kuwerengera munthu ndalama n'kosiyana ndi kumukhomera kabati.

Bambo aja sindidakumanenso nawo, chifukwa maulendo a ku Joni ndidasiya nditayamba kulembaku. Okala ya achimwene ikadalipo. Mwezi wathawu adalemba mnyamata wachinayi, ndipo nditapitako Lachiwiri kukagula mafuta ophikira, adandiuza mwaulemu kuti ndibwerenso Lachisanu, bwana akabwerako.