Tchire likamaphukira mvula isanagwe



Pakhoma la mzikiti pamakhala kalendala ya Hijri, imene imatithandiza kudziwa nthawi yoyamba kuyang'ana mwezi wa Ramadhan ndi masiku a Eid. Koma palibe mlimi amene angadzale chimanga potsata kalendala imeneyi. Chaka chowerengera mwezi chili ndi masiku 354 kapena 355, ndipo chimachepa ndi masiku pafupifupi 11 pochiyerekeza ndi chaka chowerengera dzuwa. N'chifukwa chake Ramadhan imayendayenda. Ife achikulire tasalapo tikupalira m'dzinja, tasalapo m'chisanu cha Juni, tasalaponso mu Okutobala kukhosi kuli gwa. Zimatenga zaka pafupifupi 33 kuti ibwerere pamene inayambira. Mvula, mbewu ndi nsomba zimatsata dzuwa, ndipo makolo athu ankawerenga nyengo ya zinthu zimenezi pa mitengo ndi maluwa a m'tchire.

Ana athu amene ali ku Johannesburg amatitumizira pafoni zithunzi za mitengo ya jakaranda itachita maluwa mu Okutobala, ngati kuti kwathu kuno kulibe zotere. Zilipo, kungoti zimabwera nthawi imene munthu amayenda atawerama chifukwa cha dzuwa.

Amene akufuna kuona aoloke mlatho wa pa Mangochi boma kumapeto kwa Seputembala n'kukwera zitunda za Chowe kulowera ku Namwera. Pansi ponse pamakhala potuwa, pena pali lupsa lakuda bii, koma m'mapiri momwe mitengo idakalipo mumakhala mofiira psuu. Alendo amaganiza kuti ndi maluwa. Ayi, ndi masamba atsopano a mombo, tsamba ndi mchenga. Ena amatuluka ofiira ngati magazi, ena ngati mkuwa, ena otuwirako, ndipo pakapita milungu iwiri kapena itatu onse amasanduka obiriwira. Mitengoyi imachita zimenezi popanda dontho limodzi la mvula. Mizu yake imafika pansi pomwe pali chinyezi, ndipo chakudya imakhala itasunga kuchokera dzinja lapita. Zimenezi zimachitika nyengo ikayamba kutentha. Masamba akangokhwima pang'ono, mombo ndi tsamba zimatulutsa timaluwa tating'ono tosaoneka bwino, moti munthu amayamba kumva phokoso la njuchi pamwamba asanaone duwa lenilenilo. Pa nthawi yomweyi muwale umakhala uli ndi maluwa ofiira pa nthambi zopanda masamba, mlombwa nawo uli ndi achikasu onunkhira.

Kunsi kunyanja, cha ku Malindi, Makanjira ndi m'mbali mwa Malombe, mitengo yake ndi ina. Mvunguti umalendewetsa maluwa ofiira moderako amene amatseguka usiku, m'mawa n'kupezeka ali mbwee pansi, mbuzi zikulimbirana. Mlambe ndiye umatiuza kuti nthawi yatha. Umayamba maluwa cha mu Okutobala ndi Novembala. Duwa lake ndi loyera, lalikulu ngati chikhatho, ndipo limatseguka nthawi ya Maghrib. Pofika Asr ya mawa lake lafota kale. Fungo lake si labwino kwa munthu, koma limaitana mileme ndi agulugufe akuluakulu ausiku, amene amanyamula mungu kuchoka pa mtengo wina kupita pa unzake. Popanda alendo ausikuwa malambe sangabereke bwino. Anyamata amene amagenda mileme ndi malegeni adziwe kuti akugenda matumba a malambe amene mayi awo akanagulitsa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ikubwerayo.

Msangu wokha ndiye umachita zosiyana ndi anzake. Anzake akamavala, iwo umavula. M'dzinja umayoyola masamba, m'chilimwe n'kukhala wobiriwira. Chimanga cha pansi pa msangu sichisowa dzuwa, chimapezanso manyowa a masamba aja, ndiye mukaona msangu ukuyamba kuyoyoka, mizere ikhale itatha.

Apa tinene mosabisa, chifukwa ena amafunsa ngati kuwerenga mitengo si kuombeza. Si kuombeza ayi. Tsiku limene mvula idzagwe alidziwa ndi Allah yekha, ndipo mlambe sulidziwa. Mtengo umangosonyeza kuti kutentha kwafika pamene mvula imayandikira, monga mmene mthunzi umasonyezera kuti nthawi ya Dhuhr yakwana. Chaka china mlambe umachita maluwa mvula n'kuchedwabe mpaka Disembala. Choncho maluwa akutiuza kuti tikonzeke: mbewu ikhale m'nyumba, manyowa akhale kumunda, denga likhale lofolera. Za kudzala timvere alangizi ndi a zanyengo pawailesi, komanso tikumbe ndi khasu tione pamene chinyezi chafika.

Nkhani imeneyi imavuta kwambiri ikagwa mvula ya chizimalupsa. Pakangopita masiku owerengeka, pa lupsa paja pamatuluka maluwa ochokera m'nthaka momwe. Pali lina lofiira, lozungulira ngati mpira, limene limatuluka masamba asanabwere. Pali ena oyera a mizere yofiirira amene amakonda m'madambo. Mtima wa mlimi umadumpha, n'kumati dzinja lafika. Koma maluwa amenewa ali ndi chinthu chonga anyezi pansi, momwe anasungamo madzi ndi chakudya, ndipo mvula ikadula milungu itatu iwo safa. Njere ya chimanga ilibe nkhokwe yotere. Ikamera dzuwa n'kubwerera, mbewu ija yapita, ndipo mtengo wa paketi ya mbewu masiku ano tonse tikuudziwa. Paja akulu anati mmera m'poyamba.

Anyezi wa maluwa amenewa ndi poizoni, ndipo ana azichenjezedwa. Choopsa kwambiri ndi duwa lija loyanga la mu Disembala ndi Januwale, lofiira ndi chikasu, lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto. Ku Zimbabwe ndi duwa la dziko lawo. Mzu wake umafanana ndi kambatata, ndipo ukhoza kupha munthu ngakhale chiweto.

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'munda mulibe duwa lokongola kuposa la kaufiti, kofiira kaja kamene kamaoneka m'mizere cha mu Febuluwale ndi Malichi. Pamene tikukaona kali pamtunda, kamakhala katayamwa kale mizu ya chimanga kapena mapira kwa milungu ingapo. Chitsamba chimodzi chikhoza kubala njere zoposa 50,000, zazing'ono ngati fumbi, ndipo zimatha kudikira m'nthaka zaka zoposa 10. Kaufiti amazulidwa duwa likangooneka, njere zisanakhwime, n'kukamutentha kunja kwa munda. Kumusiya m'khwawa la mzere ndi kumudzala. Amakonda nthaka yoguga, ndiye manyowa komanso kasinthasintha ndi soya, mtedza kapena nandolo zimamufooketsa. Asodzi nawo ali ndi kaufiti wawo, namasupuni wa mu Shire ndi Malombe. Duwa lake ndi lofiirira mokongola, kwawo ndi ku South America, koma pamadzi odekha amatha kuchuluka kawiri m'milungu iwiri yokha. Amatseka madooko, amakola maukonde, ndipo pansi pake nsomba zimasowa mpweya. Kakombo wathu wa m'zithaphwi, wa masamba oyandama ngati mbale, alibe mlandu wotere.

Pa zonsezi amene amapindula poyamba ndi njuchi. Surah ya 16 m'Qur'an imatchedwa An-Nahl, kutanthauza njuchi, ndipo palibe Msilamu amene sadziwa ulemu umene chipembedzo chathu chimapereka ku uchi. Koma uchi ndi maluwa. Alimi a njuchi a kumtunda amafula kawiri pachaka: cha mu Novembala ndi Disembala kuchokera ku maluwa a mombo ndi tsamba, kenako cha mu Meyi ndi Juni kuchokera ku maluwa a mchenga ndi zitsamba za m'dzinja. Chomvetsa chisoni n'chakuti mng'oma wa makungwa umapha mtengo womwewo umene umadyetsa njuchi. Mombo ukasendedwa kuzungulira thunthu lonse, wauma. Mng'oma wa matabwa umadula pogula, inde, koma umakhala zaka zambiri ndipo pofula sipafunika kuotcha njuchi. Ngakhale amene alibe mng'oma amadya thukuta la njuchi. Chimanga mungu wake umauluka ndi mphepo kuchokera ku ngayaye, koma maungu, nkhaka, mpendadzuwa ndi mango zimadalira tizilombo touluka. Amayi akamathyola chiluwe cha ndiwo azisiyako maluwa ena aamuna, ndipo wopopera mankhwala kudimba apopere madzulo njuchi zitabwerera kwawo.

Asodzi angafunse kuti maluwa a kuphiri akuwakhudza bwanji. Nthawi imene mlambe ukuchita maluwa, mwera utaleka mpoto n'kuyamba, ndi nthawi imene chambo chimayandikira kumadzi osaya kudzaswana. Chachimuna chimakonza chisa chozungulira pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka kukawasiya m'mabango ndi m'udzu wa m'madzi. Khoka likadutsa pamenepo limasalaza zisa n'kukokolola mayi ndi ana omwe. N'chifukwa chake boma limatseka nyanja yaikulu ku makoka kuyambira pa 1 Novembala, ndipo ku Malombe amayamba msanga, mu Okutobala. Chambo cha ku Malombe chinatsika kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makamaka chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, ndipo mpaka lero sichinabwerere mwakale. Chimene ambiri saona ndi matope. Phiri likametedwa, mvula yoyamba imatsika nalo dothi m'mitsinje mpaka kunyanja, n'kukakwirira mchenga wa zisa ndi udzu wobisalamo tiana ta nsomba. Malombe ndi nyanja yosaya, mamita ochepa chabe, ndiye matope sachedwa kuoneka. Thumba la makala lochokera ku Chowe amalipira ndi msodzi amene sanaligule n'komwe.

Moto nawonso ukutimaliza. Kwina amati oyatsa tchire ndi osaka mbewa. Ife mbewa sitidya, nanga moto wa kuno akuyatsa ndani? Wambiri umathawa m'minda posotcha mapesi, wina m'mauvuni a makala, wina ndi ana ongosewera. Moto wa mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, umangodutsa pamwamba ndipo mitengo imapirira. Wa mu Okutobala umapsereza masamba ofiira aja, maluwa, ming'oma ndi timitengo tonse tosapitirira m'chiuno. Bowa wa manyame ndi ndelema amamera mogwirizana ndi mizu ya mombo ndi msuku, ndiye mitengo imeneyi ikatha ndiwo za mu Januwale zimatha nazo.

Nyengo ya boma yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo kudzala mtengo ndi sadaka, zimenezo timaphunzitsana kawirikawiri. Komabe ife taona kuti mombo suchita bwino m'machubu ngati mmene umachitira pa chitsa chake. Chitsa chili kale ndi mizu yozama. Mu nyengo ino ya mphukira munthu ayende m'munda mwake ndi m'malire, asankhe zitsa zimene zaphuka, asiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chilichonse, zinazo adule, ndipo alambule udzu kuzungulira kuti moto usafike. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi zimakhala zitapitirira msinkhu wa munthu. Kumanda kwathu ndi umboni, chifukwa kumene nkhwangwa ndi moto sizifika mitengo yachilengedwe ikadalipo.

Kwa aphunzitsi a madrasa tili ndi pempho laling'ono. Pezani kope limodzi, ana azilembamo tsiku limene aona duwa loyamba pa mlambe wa pafupi ndi mzikiti, tsiku la chizimalupsa, ndi tsiku la mvula imene anthu adzalira, pamodzi ndi mayina a mitengo m'Chichewa ndi m'Chiyao monga mmene agogo awo akuwatchulira. Insha Allah, pakatha zaka zisanu kope limenelo lidzayamba kuonetsa kuti pamudzipo pamapita masiku angati pakati pa duwa ndi mvula. Masiku a ku Namwera sadzafanana ndi a ku Malindi, choncho mudzi uliwonse ukhale ndi kope lakelake.