Gitala ya ku Hawaii Inalirira pa Phula

Mbale za galamafoni zisanafale, nyimbo ku America zinkagulitsidwa pa masilinda. Silinda ndi kachubu kooneka ngati kapu yobooka pansi, kotalika pafupifupi masentimita 10, ndipo mawu ankalembeka m'timizere tozungulira kunja kwake. Thomas Edison ndiye anapanga makina ake mu 1877. Masilinda a phula ankaimba mphindi 2 zokha, mu 1908 kunabwera a mphindi 4 otchedwa Amberol, kenaka mu 1912 a Blue Amberol, olimba chifukwa sanalinso a phula. Pakati pa zikwi za nyimbo zojambulidwa chotere pali za ku Hawaii, ndipo ine ndikuti n'zoyenera kusungidwa ndi kumvedwa, ngakhale ena amazinyoza kuti zinali malonda chabe.

Onyozawo ali ndi mfundo. Chionetsero chachikulu cha ku San Francisco mu 1915 chitatha, anthu a ku America anapenga nazo nyimbo za ku Hawaii, ndipo opeka nyimbo a ku New York anaona poti n'kudyerapo. Anayamba kulumikiza mawu opanda tanthauzo omveka ngati Chihawaii, kuti omvera aseke ndi kulota za magombe. Zimawawa kuziganiza, chifukwa eni dzikolo anali atangolandidwa zawo: Mfumukazi Liliʻuokalani anachotsedwa pampando mu 1893, lamulo la mu 1896 linakhazika Chingerezi m'sukulu m'malo mwa chinenero chawo, ndipo mu 1898 zilumba za Hawaii zinatengedwa ndi America. Kumulanda munthu dziko kenaka n'kumaseweretsa chilankhulo chake pofuna ndalama ndi chipongwe, ndipo palibe chifukwa chochibisira.

Komabe wotaya masilinda onse chifukwa cha chipongwecho ataya mbewu pamodzi ndi mankhusu. Pa masilinda omwewo palinso manja a Ahawaii eni ake. Joseph Kekuku, mnyamata wa ku Laie pachilumba cha Oahu, ndi amene amadziwika kuti anayambitsa kaimbidwe kogoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereza kachitsulo pansambo m'malo mozidinikiza ndi zala. Mawu a gitalayo sadumpha kuchoka pena kupita pena, amakwawa ngati munthu amene akulira. Gulu la Toots Paka's Hawaiians linajambula kwa Edison chionetsero chija chisanachitike, ndipo pambuyo pake Frank Ferera, wobadwira ku Honolulu, anajambula nyimbo zambirimbiri pamodzi ndi mkazi wake Helen Louise. Pojambula panalibe maikolofoni kapena magetsi. Oimba ankaunjikana kutsogolo kwa chilipenga chachikulu, mawu n'kumagwedeza kasingano kamene kankasema phula, ndipo cholakwa chilichonse chinkakhala pomwepo. Choncho zimene timamva ndi luso la munthuyo tsiku limenelo, losakonzedwa ndi makina.

Ena amadandaula kuti mawu a masilindawa ndi okanda, amachita kuti tsetsetse ngati mvula padenga la malata. N'zoona, makamaka poti kuyambira cha m'ma 1915 Edison ankangokopera masilinda ake ambiri kuchokera pambale, mpaka pamene analeka kuwapanga mu 1929. Koma khutu limazolowera phokosolo msanga, ndipo kulira kwa chitsulo pansambo kumalipyoza bwinobwino. Ndiponso phula limasweka, nkhungu imalidya, ndipo singano imalipala nthawi iliyonse likaimbidwa. N'chifukwa chake ntchito ya yunivesite ya California ku Santa Barbara, yomwe inakopera masilinda zikwizikwi n'kuwaika pa intaneti kwaulere, ndi yoyamikirika.

Kaimbidwe ka Kekuku sikanathere ku America. Kanalowa m'nyimbo za country, kanafika ku India, ndipo kudzera m'mbale za galamafoni kanafika kuno kwathu. Oimba a ku Malawi a m'ma 1950, monga a Ndiche Mwarare, ankatsetsereza chinthu chosalala pansambo za gitala, ndipo kaimbidweko ankakatchula kuti hauyani.