Uta ndi mivi: momwe mungakonzere malo osemera pakhomo

Mu 2016, Areneo David adakhala Mmalawi woyamba kupikisana nawo pa masewero oponya mivi ku Olympics mumzinda wa Rio de Janeiro ku Brazil, ndipo adakaonekeranso ku Tokyo m'dziko la Japan. Mnyamatayu adaphunzitsidwa ndi mayi wa ku South Korea, Park Young-sook. Pa mpikisano ngati umenewo amalasa chandamale chimene chili pa mtunda wa mamita 70, pogwiritsa ntchito mauta opangidwa kufakitale omwe mtengo wake Amalawi ambiri sangaufikire.

Komatu uta si mlendo kuno. Makolo athu ankapita nawo kuuzimba ndi kunkhondo, ndipo mpaka lero tikaona mitundu yokongola ija kumwamba mvula ikamakata timati utawaleza. Munthu wokhala ku Matawale mumzinda wa Zomba amene akufuna kuutsitsimutsa lusoli ngati masewero sasowa makina. Zipangizo zake n'zochepa. Chimene chimavuta ndi kudekha, kutsata malamulo ndi kusamala moyo wa anansi.

Malo ndi zipangizo

Khonde lakuseri kapena kachisakasa ka mamita atatu m'litali ndi awiri m'lifupi n'kokwanira, bola pakhale posadontha, powala bwino ndiponso podutsa mphepo. Zomba ndi dera la mvula yambiri, ndipo chinyezi cha dzinja ndi cha chiperoni chimafewetsa mtengo n'kuuphwetsa mphamvu. Choncho mitengo isagone pansi. Ikhale pathandala pafupi ndi denga, kutali ndi chiswe komanso dzuwa.

Pafunika tebulo lolimba losagwedera, chikwanje, kasemasema, mpeni wakuthwa, sowo, tupa, sandipepa, tepi yoyezera, pensulo ndi guluu wa matabwa. Zambiri mwa izi zimapezeka mumsika wa Zomba ndi m'masitolo a zipangizo zomangira. Pakhalenso bokosi lokhoma, chifukwa mpeni ndi mivi sizikhalira pamodzi ndi ana.

Mtengo wake uchokere kuti?

Phiri la Zomba lili pafupi, koma nkhalango yake ndi yotetezedwa. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kudula mtengo m'nkhalango yotere popanda chilolezo cha nthambi ya zankhalango. Ndi iko komwe, paini amene wadzaza m'phirimo sapanga uta wabwino chifukwa amathyoka msanga akapindidwa. Iyeyo ntchito yake ndi ya tebulo ndi thandala.

Woyamba kumene asankhe nsungwi yokhwima, ya zaka zitatu kapena kuposerapo, yokhuthala mnofu. Mtengo wa mabulosi, womwe ambiri ali nawo pakhomo, nawonso umapinda bwino. Mtengowo ukhale woongoka, wopanda mfundo zikuluzikulu, wotalika ngati msinkhu wa mwini wake, kutanthauza masentimita 170 mpaka 180 kwa munthu wamkulu.

Dulani m'chilimwe, pakani guluu kapena penti kumapeto konse kuwiri kuti usang'aluke, ndipo muusiye pamthunzi kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Uta wa mtengo wauwisi umapindika kamodzi n'kukhala chomwecho, osabwereranso, ndipo muvi wake sufika patali.

Kusema: msana ndi mimba

Uta uli ndi mbali ziwiri. Yoyang'ana kumene muvi ukupita tingaitche msana, ndipo yoyang'ana woponya ndi mimba. Mukakoka nsinga, msana umatamuka pamene mimba imapanikizika. Chifukwa cha ichi, kumsana mumangochotsa khungwa lokha mosamala. Mukatemako ndi mpeni, mwadula mitsempha ya mtengo ndipo uta udzathyokera pomwepo. Kusema konse kumachitikira kumimba ndi m'mbali.

Pakati, pogwira dzanja, pakhale pochindikala, ndipo mtengo uzinka nuchepa pang'onopang'ono kulowera kunsonga zonse ziwiri. Kunsongako ndi kumene mumasema timipata tokolekamo nsinga.

Ntchito yaikulu ndi yolinganiza mbali ziwirizi kuti zizipinda mofanana. Khomani thabwa pakhoma, kolekani uta pamwamba pake, mangani chingwe pansinga ndipo muzikoka mutaima chapatali. Pamene pakuoneka pouma, palanipo pang'ono ndi mpeni. Pamene papinda kwambiri, lembanipo ndi pensulo ndipo musakhudzepo. Mukapala, kokani kangapo kuti mtengo uzolowere, kenaka onaninso. Kuchotsa n'kosavuta, koma chimene mwachotsa simungachibwezeretse.

Sikelo yokoleka, yonga ya ogula mbewu, imathandiza kudziwa mphamvu ya uta. Kwa wophunzira, makilogalamu 9 mpaka 11 pokoka nsinga masentimita 70 ndi okwanira. Uta wolimba kuposa apo umapweteka phewa ndipo umaphunzitsa munthu kaponyedwe kolakwika.

Kale nsinga ankaipota kuchokera ku chikopa cha nyama. Lero mutha kupota khonje kapena ulusi wolimba wa osoka nsapato n'kuupaka phula la njuchi. Uta ukakungidwa, mpata wa pakati pa nsinga ndi pogwirira ukhale ngati chibakera chotukula chala chachikulu, pafupifupi masentimita 15. Mukatha kusewera, masulani nsingayo kuti mtengo upume. Ndipo musayerekeze kukoka nsinga n'kuitaya popanda muvi, chifukwa mphamvu yonse imabwerera mumtengo ndipo utha kuthyokera kumaso kwanu.

Mivi

Uta wabwino ndi muvi wokhota n'chimodzimodzi kungotaya nthawi. Bango, lomwe limamera m'mbali mwa mitsinje monga Likangala, ndi lopepuka komanso losavuta kuongola. Mangani mabango pamodzi kuti aume ali chiongokere. Lokhota liwambeni pamakala mpaka lifewe, liongoleni ndi manja, n'kuligwira chomwecho mpaka lizizire.

Muvi utalike masentimita asanu kuposa pamene dzanja lanu limafika pokoka. Kampata kolowa nsinga kasemedwe pafupi ndi mfundo ya bango ndipo pakulungidwe ulusi kuti pasang'ambike. Nthenga zitatu zochokera kuphiko limodzi la bakha, nkhukundembo kapena nkhanga yoweta zimathandiza muvi kuuluka mosayumbayumba. Kutsogolo ikani kamtengo kolimba kobuntha. Mivi yachitsulo ya ngowe, yomwe amisiri osula ankapanga pachipala, inali ya uzimba, osati ya masewero. Muvi uliwonse wong'aluka uthyoleni ndi kuutaya, poti umatha kuboola dzanja la mwini wake.

Zimene siziyenera kulowa m'chisakasa

Alenje akale a m'chigwa cha Shire ankapaka mivi yawo ululu wa kombe. John Kirk, amene ankayenda ndi David Livingstone, adachita chidwi ndi chomerachi, ndipo pambuyo pake katswiri wa ku Edinburgh, Thomas Fraser, adapezamo mankhwala a mtima. John Buchanan, mzungu amene ankalima ku Zomba konkuno, adali mmodzi mwa otumiza njere zake ku Britain. Mbiriyi ndi yonyaditsa, koma kombe amaimitsa mtima wa munthu monga momwe amachitira ndi wa nyama. Malo ake ndi m'mabuku a mbiri basi.

Chimodzimodzinso kusaka. Lamulo loteteza nyama zakutchire, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 kundende kwa opha nyama zotetezedwa kwambiri. Anyani a m'phiri, mbalame, agalu ndi amphaka a eni si chandamale.

Poponyera

Mapoloti a m'tauni ndi oyandikana, ndipo mpanda waudzu kapena wamalata suimitsa muvi. Chandamale chikhale thumba lodzaza ndi sanza zotsendereka bwino, liikidwe pansi patsogolo pa khoma la njerwa lopanda zenera. Yambani pa mamita asanu, kenaka khumi. Ngati bwalo lanu lilibe khoma lotere, semerani pakhomo koma kaponyereni pamalo otakasuka mutapempha eni ake, pomwe mukutha kuona bwino kuti kuseri kwa chandamale kulibe njira ya anthu.

Dziwitsani anansi, ndipo ngati muli pa lendi, eni nyumba avomereze kaye. Onse oonerera aime kumbuyo kwa woponya, ndipo wina asapite kukatola mivi mnzake asanatsitse uta. Musaponye muvi m'mwamba. Akuluakulu adati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, ndipo pa masewero awa mwambiwo sufuna womasulira.