Matope a Zimbudzi za m'Tauni pa Migwalangwa ya Mafuta

Feteleza wadula, ndipo ena mwa inu mwatifunsa za matope akuda amene amatsala m'maiwe oyeretsa madzi a m'zimbudzi za m'tauni, monga ku Manchinchi mu Lusaka. Kodi angakhale manyowa a migwalangwa ya mafuta, yonga ija imamera m'cigwa ca Luapula? Ife tikuti inde, koma osati aliwonse, ndiponso osati aawisi.

Mgwalangwa ukakula zipatso zake zimakhala pamwamba, ndipo zimaphikidwa mafuta asanafinyidwe. N'cifukwa cake ngozi ya matenda imacepa. Pa lepu ndi matimati sitilola konse.

Matopewa ali ndi nayitrojeni ndi fosiforasi, ndipo amathandiza nthaka ya mcenga kusunga cinyontho mvula ikadula. Koma potashi ali nayo yocepa, pakuti yambiri imapita ndi madzi. Tsono mgwalangwa umadya potashi kwambiri. Ikasowa, masamba akale amacita mawanga acikasu, nayamba kuuma kunsonga. Conco thiraninso phulusa la nkhuni, ndipo mikoko imene mwacotsako zipatso muibweze patsinde kuti iwolere pomwepo.

Cimene timaopa kwambiri ndi mazira a njoka za m'mimba. Saoneka ndi maso, ndipo amatha kukhala amoyo m'nthaka zaka zingapo. Matope angaume pamwamba, fungo n'kutha, mazirawo akali momwemo. Malangizo a bungwe la WHO a 2006 amati zocokera m'cimbudzi zisungidwe kupitirira caka cimodzi kumalo otentha, ndipo kozizira mpaka zaka ziwiri. Tidziwa kuti caka ndi nthawi yaitali kwa munthu amene watuluka m'cilala, koma mwana wodwala njoka sakula bwino. Unjikani matopewo pamalo ochinga, pamene ana, nkhumba ndi nkhuku sizifika, kutali ndi citsime mamita osacepera 30.

Nthawi ikakwana, kumbani kangalande kozungulira mtengo, pamene nsonga za masamba zalekezera. Thirani matope ndi kukwirira ndi dothi. Asakhudze thunthu. Musathire pamalo otsetsereka mvula yaikulu ili pafupi, cifukwa zonse zidzathera mumtsinje umene anzanu amatungamo. Valani nsapato, ndipo mukatsiriza sambani m'manja ndi sopo.

Pali cina cimene kudikira sikucotsa. Ngati m'mipope ya tauniyo mumalowa madzi a m'mafakitale ndi m'magalaji, matope angakhale ndi mtovu ndi zitsulo zina zaululu. Izi siziwola. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali m'nthaka ndi m'magazi a ana kumeneko. Musanatenge ngakhale wilibala imodzi, funsani oyang'anira maiwewo kumene madzi awo amacokera, ndiponso ngati matopewo anapimidwa. Akalephera kuyankha, asiyeni, mugwiritse nchito ndowe za ng'ombe.