Mabatani Awiri Osonkhanitsa Zonse: Gawo Lachitatu

Sabata yatha tidakambirana za kukopera mawu. Tsono lero tione m'mene munthu angasankhire zonse nthawi imodzi.

Pa kompyuta ya Windows, mukadina batani la Ctrl pamodzi ndi la A, mawu onse a m'kalata yanu amaphimbidwa ndi mthunzi, kusonyeza kuti asankhidwa. M'foda namonso mafayilo onse amasankhidwa chimodzimodzi. Pa Macintosh, imene kampani ya Apple idatulutsa m'chaka cha 1984, amadina Command m'malo mwa Ctrl. Pa foni mumakanikiza chala pa liwu limodzi kwa kanthawi, kenaka n'kukhudza pamene palembedwa Select all.

Komatu chenjerani, aphunzitsi anzanga, pakuti mawu osankhidwa chotere amafafanizika onse mukangodina chilembo china chilichonse. Zidandigwera ine usiku wina ndikukonza mayeso a Fomu 3: mafunso 40 adasanduka "k" mmodzi yekha. Thukuta lidangoti kamukamu. Adandipulumutsa ndi Ctrl ndi Z, amene amabweza chimene mwangochita kumene. Koma mafayilo ofufutidwa ndi Shift ndi Delete sapita ku Recycle Bin, ndipo amenewo Z sangawabweze.