Chizindikiro cha pa Mpeni Chili ndi Mwini Wake

Pa misika ya m'boma la Ntcheu, monga ku Lizulu, ku Tsangano ndi ku Kampepuza, mpeni ndi chida chosasowa. Mlimi adulira kabichi, wopha mbuzi asendera chikopa, ndipo amayi asendera kachewere. Koma anthu ambiri sadziwa kuti dzina ndi chithunzi zodindidwa pa chitsulo cha mpeni ndi chuma cha munthu, monga momwe ng'ombe ili chuma, ndipo lamulo lizitchinjiriza.

Mpeni wopinda wa Okapi ndiwo chitsanzo chabwino, pakuti amuna amene anagwirako ntchito ku Joni audziwa. Unayamba kupangidwa m'chaka cha 1902 ku Solingen, mudzi wa ku Germany wotchuka ndi kusula mipeni. Dzinalo ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo. M'chaka cha 1988 dzinalo pamodzi ndi makina opangira mipeniyo zinagulidwa ndi kupita nazo ku South Africa. Apa pakuoneka kuti chizindikiro chigulidwa ndi kugulitsidwa ngati katundu wina aliyense. Ku Switzerland nakonso kampani ya Victorinox inalembetsa mtanda wa pa chishango m'chaka cha 1909, ndipo kufikira lero uoneka pa mipeni yake.

Kodi chizindikiro chithandiza bwanji? Munthu wogula sangathe kuyesa kulimba kwa chitsulo ndi maso okha. Iye akhulupirira dzina. Tsono wina akadinda dzina la eni ake pa mpeni wa chitsulo chofewa, wabera anthu awiri: wogula, amene mpeni wake ubuntha msanga, ndi mwini dzina, amene mbiri yake iipa.

Kuno ku Malawi lamulo la zizindikiro za malonda la 1957 linasinthidwa ndi lamulo latsopano la 2018. Munthu akalembetsa chizindikiro chake ku ofesi ya Boma, chikhala chake zaka 10, ndipo zikatha akhoza kulembetsanso. Wina akachigwiritsa ntchito pa katundu wofanana popanda chilolezo, mwini wake akhoza kukamsumira ku bwalo la milandu.

Komabe si kalikonse ka pa mpeni kamene munthu anganene kuti ndi kake yekha. M'maiko ambiri malamulo asiyanitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi chimene chichititsa mpeni kugwira ntchito, monga kunoleka kwa chitsulo, kusongoka kwa nsonga ndi kupindika kwake polowa m'chogwirira. Zimenezi sizingakhale chizindikiro cha munthu mmodzi, chifukwa mpeni uliwonse uzifuna. Chachiwiri ndi chimene chingouza wogula kuti mpeniwo wachokera kwa yani, monga dzina, chithunzi kapena zokongoletsa za pa chogwirira zimene anthu azizolowera. Izi ndizo zingakhale ndi mwini.

Chifukwa cha ichi, mmisiri wosula zitsulo ku Ntcheu asaope kusula mpeni wakuthwa, ngakhale wopinda, ndi kuugulitsa pa msika. Cholakwa ndicho kudindapo dzina kapena chithunzi cha wina kuti anthu ayese kuti ndi wa kunja. Chanzeru ndi kusankha chizindikiro chakechake, chosafanana ndi cha anzake, ndi kuchidinda pa mipeni, zikwanje ndi makasu onse amene asula. Ntchito ikakhala yabwino, anthu adzafunsa chizindikirocho pa msika, ndipo pamenepo kuchilembetsa kudzakhala ndi phindu.

Eni masitolo ndi ogulitsa pa msika achenjerenso pooda katundu. Mpeni wa dzina lotchuka umene mtengo wake watsika kopitirira, ndiponso malemba ake ali osaoneka bwino, ayenera kuufunsa kumene wachokera asanapereke ndalama.